Funsani za Sayansi: N'chiyani Chimandikankha Minibasi Ikaima Mwadzidzidzi?

Funso: Ndine wophunzira wa Fomu 3 ku Ntcheu. Dalaivala wa minibasi akamanga mabuleki mwadzidzidzi ndimagwera kutsogolo, chonsecho palibe amene wandikhudza. Aphunzitsi athu akuti imeneyi ndi inertia, koma ine ndikufuna kudziwa kumene mphamvu yondikankhayo imachokera.

Yankho: Mwafunsa bwino, ndipo yankho lake likhoza kukudabwitsani, chifukwa palibe mphamvu iliyonse imene imakukankhirani kutsogolo. Minibasi ikamathamanga makilomita 60 pa ola, inunso, chikwama chanu, ngakhale thumba la mbatata lili pansi pa mpando, mumakhala mukuthamanga pa liwiro lomwelo, ngakhale mukudziona ngati mwangokhala phee. Mabuleki amagwira matayala, sagwira inu. Choncho galimoto ikamaima, thupi lanu limapitiriza ulendo wake mpaka lamba kapena mpando wa kutsogolo utaliimitsa.

Limeneli ndi lamulo loyamba la kayendedwe ka zinthu limene Isaac Newton anasindikiza mu 1687, potsatira maganizo amene Galileo anayamba kuwaunika: chinthu choima chimakhalabe choima, ndipo choyenda chimayendabe molunjika pa liwiro lake, pokhapokha mphamvu ina itachisokoneza. Khalidwe limeneli ndi limene aphunzitsi anu akulitchula kuti inertia. Ambiri zimativuta kukhulupirira chifukwa mpira umene taugubuduza pabwalo umaima wokha, koma umaimitsidwa ndi kukhulana kwake ndi nthaka ndiponso mpweya.

Chimene thupi limamva si liwiro ayi, koma kusintha kwa liwirolo, kumene m'kalasi mumakutchula kuti acceleration. Mawuwa amaphatikiza kuwonjezera liwiro, kulichepetsa, ngakhalenso kukhota, n'chifukwa chake pa kona mumapanikiza mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makilomita 60 pa ola ndi pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Galimoto ikaima m'masekondi atatu, ndiye kuti sekondi iliyonse liwiro likutsika ndi mamita oposa 5.5 pa sekondi, pamene chinthu chogwa kuchokera m'mwamba chimawonjezera mamita 9.8 pa sekondi. Popeza kulemera kwanu ndi mphamvu imene imakugwetsani pansi, ndipo 5.5 ndi yoposa theka la 9.8, n'zoonekeratu kuti mphamvu yofunika kukugwirani imaposa theka la kulemera kwanu.

Pa ngozi galimoto imaima nthawi yosakwana n'komwe sekondi imodzi, ndipo mphamvuyo imachuluka kambirimbiri. Ine mtima umandiwawa ndikaona mayi atakhala mpando wa kutsogolo mwana ali pamiyendo, chifukwa pa nthawi yotero manja a munthu sangathe kumugwira mwanayo, ngakhale atamukumbatira molimba chotani.