Bwanji zikwangwani zakale za ku Vienna zili ndi mitundu yochepa?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anaona pa intaneti zikwangwani zoitanira anthu ku zionetsero za zojambulajambula ku Vienna, likulu la dziko la Austria, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndiye akufunsa kuti bwanji zili ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha, zilembo zakenso zovuta kuwerenga. Kodi utoto unkasowa?

Ayi mayi, utoto unalipo. Nkhani yagona pa mwala.

Ankazisindikiza m'njira yotchedwa lithography, imene Alois Senefelder anatulukira ku Munich, m'dziko la Germany, cha m'ma 1796. Munthu amatenga mwala wa laimu wosalala bwino (wotchuka unkakumbidwa ku Solnhofen, ku Germany komweko), n'kujambulapo ndi choko chamafuta. Kenako amapakapo utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe wothira asidi pang'ono, n'kunyowetsa mwalawo. Mukudziwa mmene madzi amathawira pa mbale imene mwadyera nyama yonona? Ndi zomwezo. Pojambulidwa paja madzi sakhalapo, ndiye inki, yomwenso ndi yamafuta, imakakamira pomwepo basi.

Tsono mtundu uliwonse umafuna mwala wakewake, pepala lomwelo n'kumabwerera pa makina. Likangosuntha pang'ono, chofiira chatuluka kunja kwa mzere, pepala lawonongeka. Kuwonjezera mtundu kunali kuwonjezera mwala, ntchito ndi ndalama.

Chimene chimandisangalatsa n'choti gulu la ojambula a ku Vienna lotchedwa Secession, lomwe linkatulutsa zikwangwani zotere ndipo linapatuka ku bungwe lakale la akatswiri ojambula mu 1897, silinadandaule nazo. Taonani chikwangwani cha Gustav Klimt cha chionetsero chawo choyamba mu 1898. Pamwamba Theseus, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, akulimbana ndi chilombo Minotaur, kumanja kwaima Athena, mulungu wamkazi wa Agirikiwo, ndi chishango, pakati ponse papepalapo palibe kanthu. Mbee! Akuluakulu a boma anakwiya ndi umaliseche wa Theseus, Klimt n'kungojambulapo mitengo yomuphimba, malo opanda kanthu aja osawakhudza.

Za zilembo, anazichita dala. Ankazijambula pamanja ngati mbali ya chithunzicho, ndipo pa mwala zimakhala chobwerera ngati za pa chidindo. Alfred Roller, pa chikwangwani cha chionetsero cholemekeza Beethoven, katswiri wopeka nyimbo, mu 1902, anazinenepetsa n'kuzithinanitsa ngati njerwa. Apa ine ndimati anapyola muyeso, chifukwa wodutsa pamsewu amafuna adziwe tsiku ndi malo. Koma cholinga chawo ndikuchimvetsa: wojambula chikwangwani anali mmodzi mwa oonetsa ntchito zawo m'katimo, choncho pepala lapakhomalo linali ngati kulawitsa ndiwo musanagule.

Mukapeza mpata mayi, fufuzaninso chikwangwani cha Egon Schiele cha chionetsero cha nambala 49 cha gululi mu 1918. Wajambula anzake atakhala patebulo, iye ali kumtunda, kumunsi kuli mpando wopanda munthu, umene ambiri amati ndi wa Klimt, yemwe anali atangomwalira mu February. Schiele naye anapita ndi mliri wa chimfine wa chaka chomwecho, mu October, ali ndi zaka 28.