Kodi ndisiye kujambula kuti ndipite patsogolo mu sayansi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Chilomoni. Amagwira ntchito mu labu ina muno mu Blantyre, kuyeza magazi pa kafukufuku wa malungo. Ali pabanja ndipo ali ndi mwana mmodzi. Loweruka akapeza mpata amajambula zithunzi ndi utoto wosungunula ndi madzi. Wandilola kuti ndimuyankhe pano osatchula dzina. Mawu ake ndi awa: "Chaka chamawa ndikufuna kufunsira maphunziro a masters. Abwana anga ataona zithunzi zanga pafoni anati munthu wofuna kupita patali mu sayansi sakhala ndi nthawi ya zachibwana. Kunyumba nako apongozi akuti mapanga awiri avumbwitsa. Kodi ndisiye?"

Achemwali, musasiye. Ndikunena izi ngati munthu amene wakhala pa maikulosikopu zaka zoposa 20, komanso amene anasiyapo kujambula n'kudzanong'oneza bondo.

Ndiyambe ndi ntchito yanu yomweyo. Mukudziwa mmene magazi amaonekera pa silaidi mukathira utoto wa Giemsa, kudontheza mafuta aja n'kuyang'ana mu maikulosikopu ndi galasi la 100x. Poyamba munthu umangoona chipwirikiti cha buluu ndi pepo. Kachirombo ka malungo ka mtundu wa falciparum kakakhala kakang'ono kamaoneka ngati mphete yopyapyala yokhala ndi kadontho kofiira, nthawi zina timadontho tiwiri. Koma ma platelet, amene amathandiza magazi kuundana, nawo amatha kukhala pamwamba pa selo n'kukupusitsani, zinyenyeswa za utoto nazo chimodzimodzi. Ndili wophunzira, bambo wina wachikulire amene ankatiyang'anira sankalola kuti tingonena kuti "ndaona". Ankatipatsa pensulo n'kunena kuti, "Jambula chimene waonacho." Tsiku lina ndinajambula kachirombo kooneka ngati nthochi kaja, ka gametocyte, ndili wotsimikiza ndithu. Anayang'ana pepala, anayang'ana mu maikulosikopu, kenako anandifunsa kuti, "Timadontho takuda ta pakati tija tili kuti?" Panalibe. Ndinali nditajambula zimene ndinaloweza m'buku, pomwe pa silaidi panali kachidutswa ka utoto kopindika. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti dzanja likamajambula, diso limakakamizika kuyang'ana kawiri.

Nkhani ya diso imeneyi si yaing'ono, ndipo umboni wake uli pakhomo pathu pompano. Ku chipatala cha Gulupu ndi kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso woonera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a muubongo, umene dziko lonse limautcha Blantyre Coma Score. Pambuyo pake kafukufuku wa komweko anapeza kuti mwa ana amene anamwalira akuganiziridwa kuti anali ndi malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atamwalira ndi matenda ena. Chimene chinathandiza kusiyanitsa ndi kuyang'ana mkati mwa diso la mwana, kumbuyo kwenikweni. Dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake anaona kuti mwa ana odwaladi malungo a muubongo mumaoneka mawanga oyera, ndipo timitsempha tina timasintha mtundu, kuchoka kufiira n'kukhala ta olenji kapena toyera. Taganizani, kusiyana kwa mitundu iwiri kumene munthu wosazolowera sangakuone n'komwe, ndi kumene kukuuza dokotala choti achite ndi mwana.

Abwana anu akanena za zachibwana, dziwani kuti mbiri ya sayansi yathuyi sigwirizana nawo. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain ali mnyamata ankafuna kukhala katswiri wojambula. Bambo ake, omwe anali dokotala, anakana, mpaka anakamusiya kwa wometa tsitsi ndi kwa wosoka nsapato kuti aphunzire ntchito. Koma pambuyo pake bambo omwewo anayamba kumupatsa mafupa a anthu kuti azijambula, ndipo mnyamatayo anakopeka ndi zachipatala kudzera m'pensulo. Atakula anagwiritsa ntchito njira ya Camillo Golgi yodetsera maselo a muubongo, n'kujambula pamanja zimene ankaona. Golgi mwini wake ankakhulupirira kuti minyewa ya muubongo ndi yolumikizana ngati ukonde umodzi. Cajal, poyang'ana masilaidi okonzedwa mwa njira yomweyo, anaona kuti selo iliyonse ili payokha. Anagawana mphoto ya Nobel mu 1906 asakugwirizanabe, ndipo nthawi inasonyeza kuti wolondola anali wojambula uja. Zithunzi zake zikadali m'mabuku a ophunzira zachipatala mpaka lero.

Ronald Ross naye, amene pa 20 Ogasiti 1897 ku Secunderabad, India, anapeza kachirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu, anali mlembi wa ndakatulo moyo wake wonse, ndipo chimwemwe cha tsiku limenelo anachilemba m'ndakatulo imene anatumizira mkazi wake. Alexander Fleming, amene anatulukira mankhwala a penicillin mu 1928, ankajambula zithunzi m'mbale za mu labu pogwiritsa ntchito mabakiteriya a mitundu yosiyanasiyana.

Komabe sindikufuna kuti muzijambula chifukwa choti zikuthandizani pa ntchito basi. Mukatero, tsiku limene mudzaone kuti sizikuthandiza mudzasiya. Ine ndinasiya zaka 6, pamene ana anali aang'ono ndipo ndinkachita digiri. Mabulashi ndinawaika m'chikwama chakale pamwamba pa wadiropu. Digiri ndinaipeza, koma zaka zimenezo ndinali munthu wosachedwa kupsa mtima. Ntchito yathu ndi yolemera mumtima, achemwali. Silaidi iliyonse ili ndi nambala, koma timadziwa kuti kuseri kwa nambalayo kuli mwana wa wina, ndipo nthawi zina nambala ija siibweranso tsiku lachitatu. Zimenezi umapita nazo kunyumba mu minibasi, umafika nazo pa mbaula. Ine ndinalibe pozitula. Amene anandibwezera mabulashi aja ndi amuna anga. Tsiku lina Lamlungu titaweruka ku tchalitchi anatsitsa chikwama chija, anachipukuta fumbi n'kuchiika patebulo, kenako anatenga ana n'kupita nawo kwa azakhali awo ku Bangwe. Utoto wambiri unali utauma m'machubu. Ndinajambula phiri la Soche ndi mitundu itatu yokha imene inatsala, ndipo ndinalira.

N'chifukwa chake ndikuti munthu woyamba kukamba naye si abwana kapena apongozi, koma bambo a kunyumba. M'kalata yanu simunawatchule, ndipo zimenezo ndaziona. Auzeni mosabisa kuti mukufuna maola awiri pa sabata amene ali anuanu. Loweruka la mayi wa muno mu Blantyre timalidziwa tonse: kuchapa, kumsika, chinkhoswe cha mnzanu, ukwati, kwaya, mwina maliro. Mukati mudikire mpata, mpata sudzabwera. Ine anga ndi a Lamlungu kuyambira 3 koloko masana, ndipo ana anakula akudziwa kuti nthawi imeneyo amayi ali patebulo pawo.

Apongozi anu musawanyoze, chifukwa mwambi wawowo uli ndi pogwira. Masters ndi yotopetsa, makamaka miyezi yolemba kafukufuku. Padzakhala masabata amene simudzagwira bulashi. Nthawi imeneyo chepetsani, musatseke. Gulani kakope kakang'ono kopanda mizere ndi pensulo ya 2B, zizikhala m'chikwama cha kuntchito. Mphindi 10 za nthawi ya nkhomaliro zimakwana kujambula dzanja lanu lamanzere kapena mayi wogulitsa nthochi pageti. Ndipo ngati mungathe, ajambuleni apongoziwo atanyamula mdzukulu wawo, muwapatse. Apongozi anga ine chithunzi chawo anachipachika pabalaza mpaka tsiku limene anatisiya.

Pali zinthu zina zimene ndikuchenjezeni kwambiri. Musajambule nkhope ya wodwala kapena womudikirira, ngakhale mwachifundo chotani. Musaike pa Facebook kapena pa WhatsApp chithunzi cha silaidi ya kafukufuku, chifukwa magazi amenewo makolo anawapereka atasainira ntchito imodzi yokha. Utoto wa mu labu usatuluke mu labu, Giemsa ali ndi methanol ndipo kunyumba kuli mwana. Za Fleming ndi mabakiteriya ake zija muzingozidziwa, musaziyesere. Mukasunga malire amenewa abwana anu sadzakhala ndi chonena, ndipo ngati foni yanu ndi imene ikubweretsa mawu, zithunzi zanu muzionetsa anthu amene angazilandire bwino.

Mukapeza Loweruka lina lopanda chinkhoswe, pitani ku Mandala House, nyumba yakale ya 1882 ija, mukaone ntchito za Amalawi anzathu zimene zimapachikidwa kumeneko. Mutenge mwana wanu. Ndipo poti mwati mumakhala ku Chilomoni, ndiye kuti Michiru mumaliona tsiku lililonse mukamatuluka m'nyumba. Ine sindinathepo kulijambula bwino, mtundu wake wa m'mawa umandithawa nthawi zonse. Mukalijambula, nditumizireni pa imelo yomweyi ndidzaone mmene inu mwasakanizira buluu wake.