Mwana wa zaka 2 sakulankhula: kodi tidikire?

Mayi wina wandilembera imelo kundifunsa ngati ayenera kuda nkhawa ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 2 ndi miyezi 4, amene amangotchula mawu atatu basi, pamene achibale akuwauza kuti adikire popeza ana aamuna amachedwa kulankhula. Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa mawu omwewo ndinauzidwanso ine za mwana wanga wachiwiri, ndipo ndinawamvera kwa miyezi yambiri.

Mwana wangayo anali wofatsa moti alendo ankatiyamikira kuti tili ndi mwana wosavuta. Ankatha kukhala pansi nthawi yaitali akusanja zitsekerero za mabotolo, ndipo akafuna madzi ankangondigwira dzanja n'kundikokera pamene panali kapu. Ndikamuitana atandifulatira sankacheuka, ndipo ine ndinkati ndi mwano. Ndinamukalipira kangapo pa chifukwa chimenechi, zomwe mpaka lero zimandiwawa mumtima. Madzulo ena ndinaima kumbuyo kwake n'kutchula dzina lake katatu motsitsa mawu, koma sanagwedezeke n'komwe. Nditazungulira n'kuima patsogolo pake, ndinanena chimodzimodzi, ndipo anamwetulira nthawi yomweyo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mwanayo ankayang'ana pakamwa panga kuti adziwe zoti ndikulankhula.

Wachipatala woyamba amene ndinamufotokozera anangomuyeza kulemera n'kundiuza kuti adzalankhula nthawi yake ikakwana. Wachiwiri anatenga kachipangizo kowala n'kusuzumira m'makutu onse awiri, ndipo anapeza kuti mkati mwake munali mutadzaza madzi chifukwa cha chimfine chobwerezabwereza. Vuto limeneli nthawi zambiri silipweteka ndiponso silitenthetsa thupi, choncho kholo silingalione, koma mwana amamva ngati munthu amene watseka makutu ndi zala. Kwa ana ambiri madziwo amatha okha mkati mwa miyezi 3, koma akakhalitsa pamafunika thandizo, ndipo wanga anafunikira thandizolo.

N'chifukwa chake sindivomerezanso malangizo akuti "dikirani", ngakhale akamachokera kwa anthu otikonda. N'zoona kuti anyamata ambiri amatsalirako pang'ono poyerekeza ndi atsikana, koma kusiyanako n'kochepa ndipo sikungakhale chifukwa chokanira kuyeza mwana. Ana ambiri amatchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka, ndipo pofika zaka 2 amayamba kulumikiza mawu awiri, monga akuti "amayi bwerani". Ubongo umakula mofulumira kwambiri m'zaka 3 zoyambirira, ndipo mwezi uliwonse umene mwana sakumva bwino ndi mwezi umene mawu ambirimbiri akumudutsa. Enanso adzakuuzani kuti mukumusokoneza polankhula zinenero ziwiri panyumba. Zimenezo si zoona, chifukwa zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula.

Ndiyenera kutchulanso foni, chifukwa ine ndinkaigwiritsa ntchito ngati mlezi ndikatopa. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamaonetsedwe mavidiyo, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku. Foni imalankhula koma siyankha mwana. Mwana amaphunzira mawu pamene waloza chinthu, wamkulu n'kuchitchula dzina, kenako n'kudikira kuti mwanayo ayesere. Kuyankhana kotereku kuli m'gulu la zinthu 5 zimene WHO, UNICEF ndi World Bank anazitchula mu 2018 kuti n'zofunika pa kakulidwe ka mwana, pamodzi ndi thanzi, chakudya chokwanira, chitetezo ndi mwayi wophunzira adakali wamng'ono.

Zoti muchite

Pitani naye kuchipatala mwezi uno ndipo mupemphe mwachindunji kuti amuyeze makutu ndi kamvedwe. Mufotokoze ngati amaloza zinthu ndi chala, ngati amacheuka mukamuitana, ngati amakuyang'anani m'maso, ndiponso ngati amamva mukamutuma kanthu kakang'ono. Ngati pali mawu amene ankatchula kale koma anasiya, munene zimenezo poyambirira penipeni, ndipo mufunse za katswiri wothandiza ana kulankhula. Mawu amene amatchulawo muwalembe papepala musananyamuke, chifukwa ine nditakhala pamaso pa dokotala ndinawaiwala onse.