Mabuku a mphatso ya Khirisimasi: yankho kwa achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti muwagulire buku lanji agogo anu a ku Bangula, mwana wanu wa Sitandade 3 ndi mlongo wanu wa Fomu 4.

Ndiyambe ndi agogo, poti apa ndi pamene ambiri timaphonya. Musanagule Baibulo, funsani kaye lomwe amawerenga kutchalitchi kwawo. Akuluakulu ambiri anakulira Buku Lopatulika la 1922. Buku Loyera la 1998 Chichewa chake n'chosavuta, koma mavesi amene iwo analoweza pamtima amamveka mwachilendo m'menemo. Muonenso kukula kwa zilembo. Mayi anga ndinawagulira la tizilembo ting'onoting'ono, ankachita kuliyandikitsa kumaso ali pakhonde mpaka misozi, mapeto ake linangokhala m'sutikesi. Zimandiwawabe.

Wa Sitandade 3 mupezereni la nthano za Kalulu, la zithunzi zambiri, loti alimalize tsiku limodzi atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu.

Mlongo wanuyo mabuku a mayeso wakhuta nawo kale. Mupatseni nkhani yoti awerenge mosangalala, monga Nthondo, buku la Samuel Ntara. Mukakwera ku Blantyre mukafunse ku sitolo ya mabuku ya CLAIM ndi kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu.

Musaiwale kuwakuta mabukuwo ndi pulasitiki n'kuwauza asunge pamwamba. Januwale akafika, Shire ndi Ruo sizichenjeza, ndipo chiswe cha kuno kuchigwa chimadya buku usiku umodzi.