Tifunseni: Kodi carnosine angalowe m'malo mwa mankhwala a shuga?

FUNSO: Moni akulu. Ine ndili ku Ulongwe kuno ku Angonia, ndimalima mbatata ya kachewere. Amayi anga ali ndi shuga, chino nchaka chachinayi akumwa metformin wakuchipatala, komanso diso limodzi layamba ng'ala. Ndiye mlongo wanga ali ku Johannesburg watumiza kabotolo ka makapisozi olembedwa carnosine, akuti pa WhatsApp anthu akuchemerera kuti amachiza shuga, amachotsa ng'ala mpaka kubweza ukalamba. Amayi akuti atopa nawo mapilitsi akuchipatala, akufuna azingomwa awawa. Tiwalole? Wowerenga, Ulongwe.

YANKHO: Achimwene, ayi ndithu musawalole, metformin asasiye. Koma mlongo wanuyo musamukalipire, sanagule chinthu chabodza ayi, carnosine alipodi ndipo inuyo muli naye m'thupi panopa.

Anamutulukira mu 1900 ndi katswiri wa ku Russia, Vladimir Gulevich, atafufuza msuzi wouma wa nyama, ndipo dzinalo inu a ku Tete simungavutike nalo, muzu wake ndi womwewo wa carne wa Chipwitikizi uja, kutanthauza nyama. Ndi tizidutswa tiwiri tolumikizana, beta-alanine ndi histidine. Thupi limapanga lokha, wambiri amakhala m'minofu, wina muubongo. Nyama ya ng'ombe, nkhumba, nkhuku, mbuzi zathu zotchuka za ku Tete zija, zonsezo ali momo, mu nsima ndi ndiwo zamasamba mulibe.

Ntchito yake mumaidziwa ngakhale dzina simunalimvepo. Mwamanga matumba awiri a mbatata pa njinga, mwafika pachitunda mukupalasa mutaimirira, ntchafu zayamba kutentha ngati mwathiridwa tsabola mpaka mutsike muzikankha. Nthawi imeneyo asidi akuchuluka m'minofu, ndiye carnosine ndi mmodzi mwa omwe amamwa asidiyo kuti mupalaseko pang'ono musanatheretu. Apa umboni ulipo wokwanira. Nchifukwa chake othamanga amamwa beta-alanine, magalamu 4 mpaka 6 patsiku kwa milungu inayi kapena kupitirira, carnosine wa m'minofu nkukwera, koma phindu lake limaoneka kwambiri pa ntchito yamphamvu ya mphindi 1 mpaka 4, ndipo ena khungu limawanyerenyesa akamwa wambiri kamodzi.

Tsopano za shuga, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino chifukwa amene akugulitsa sanena zonse. Shuga akachuluka m'magazi amamatirira ku mapulotini a m'thupi nkumawaononga pang'onopang'ono, nchifukwa chake odwala shuga amavutika ndi maso, impso ndi dzanzi la mapazi. Mu labotale carnosine amatchinga kumatirira kumeneku, ndipo pa makoswe zotsatira zake zinali zosangalatsa zedi. Koma munthu si khoswe achimwene. M'magazi mwathu muli enzaimu yotchedwa carnosinase yomwe m'magazi a makoswe mulibe, ntchito yake nkudula carnosine pakati akangolowa, ndiye kapisozi amene amayi amwa m'mawa wambiri amakhala wadulidwa kale asanafike kuimpso kapena kumaso komwe tikumufuna. Kafukufuku pa anthu wachitikako koma ndi wa anthu ochepa, kwa miyezi yochepa, ena anaonetsa shuga kutsikako pang'ono basi. Palibe anaonetsa kuti munthu angasiye mankhwala ake. Ndipo shuga ndi wachinyengo, amayi akhoza kusiya lero nkumamva bwinobwino mwezi wonse kwinaku impso zikutha mwakachetechete, izi ndi zomwe zimandiopsa ine.

Za ng'ala, kuli mankhwala odontheza m'maso a N-acetylcarnosine omwe amatsatsidwa kwambiri, koma bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, litaunika mu 2017 silinapeze umboni wokhutiritsa woti amachotsa ng'ala. Chomwe chimachotsa ndi opaleshoni, yaifupi, ndipo anthu ambiri amaonanso. Zobweza ukalamba zinachokera pa maselo oleredwa mu labotale, osati pa agogo enieni.

Komwe carnosine wafikadi pokhala mankhwala ndi ku Japan, komwe kuyambira 1994 wophatikiza ndi zinki, wotchedwa polaprezinc, amaperekedwa kwa odwala zilonda za m'mimba. M'mimbamo amagwira ntchito pachilonda pomwepo asanalowe m'magazi.

Mawu a amayi akuti atopa nawo mapilitsi musawapeputse. Mwina metformin akuwatsegula m'mimba kapena kuwachititsa nseru, zimachitika, makamaka akamwa asanadye, ndipo adokotala angathe kusintha kamwedwe kake. Tsiku lokatenga mankhwala likafika pitani nawo limodzi, kabotoloko mukanyamule mukawaonetse adokotala asanayambe kumwa, mupemphe awayeze impso, awaone mapazi, ndiponso awalembere kalata yokaonana ndi a maso pa nkhani ya ng'alayo.