Nthambi 500 zikhoza kukhala korali mmodzi yekha

Wowerenga wina wanditumizira imelo yakuti: "Ndinaona vidiyo ya anthu ku Florida akudula nthambi za korali n'kumazimata pamatanthwe a pansi pa nyanja. Akutayiranji ndalama kuyeza DNA? Osangosankha korali wokula msanga n'kumuchulukitsa bwanji?"

Funso limeneli landikhudza, chifukwa maganizo amenewa amapha ntchito kwinaku ikuoneka ngati ikuyenda bwino.

Korali si chomera. Ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi pachigoba cholimba chimene timamanga tokha. Mtundu wotchedwa Acropora palmata, wa ku nyanja ya Caribbean, umachulukana m'njira ziwiri. Mafunde akathyola nthambi, nthambiyo imagwa, kugwira pathanthwe n'kuyamba kukula. Ameneyo si mwana ayi, ndi mwini wake yemwe uja, majini ake (malangizo obadwa nawo olembedwa mu DNA) ndi omwewo. Njira yachiwiri imachitika usiku, nthawi zambiri mu Ogasiti, patangopita masiku ochepa mwezi utaoneka wathunthu: makorali amatulutsira mazira ndi umuna m'madzi kuti zikakumane. Vuto lili pamenepa. Mazira a korali wamtunduwu kawirikawiri sagwirizana ndi umuna wake womwe. Mukadzaza thanthwe ndi nthambi 500 zodulidwa kwa kholo limodzi, zidzaswa mazira chaka ndi chaka, koma ana osaoneka.

Amene anaonetsa poyera kukula kwa vutoli ndi wasayansi wa zamoyo za m'nyanja Iliana Baums ndi anzake. Mu 2005 anafalitsa zimene anapeza atayeza DNA ya makorali oposa 1,300 ochokera pamatanthwe 44. Anapeza kuti Acropora palmata ili m'magulu awiri, lakum'mawa ndi lakumadzulo kwa Caribbean, ndipo malire ake ali chakufupi ndi Mona Passage, pakati pa Puerto Rico ndi Dominican Republic. Tiana ta korali timayandama masiku angapo tisanakhazikike, koma kayendedwe ka madzi pamenepo sikatilola kuwoloka mosavuta. Chaka chotsatira anaonetsanso kuti chakumadzulo, komwe kuli Florida (dera la United States), matanthwe ambiri ali ndi makolo ochepa, moti ena onse ndi korali mmodzi wothyokathyoka. Ndi maso simungadziwe. Chaka chomwecho cha 2006 boma la United States linaika mtunduwu pamndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo.

Tsono za "wokula msanga" uja. Kukula msanga si kupirira. Nthenda yotchedwa white band, imene inasesa makorali amenewa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, siigwira makolo onse mofanana. Kutentha nakonso n'chimodzimodzi. M'thupi la korali mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimamupatsa chakudya ndi maonekedwe. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha pamwamba pa kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri, n'kukhala choncho masabata angapo, korali amatulutsa nderezo, kuyera mbee, n'kuyamba kufa ndi njala. Stephen Palumbi wa ku Stanford University anasinthanitsa makorali pakati pa madziwe otentha kwambiri ndi ozizirirapo pachilumba cha Ofu ku American Samoa, ndipo mu 2014 anaonetsa kuti kupirira kwina korali amachita kuzolowera, kwina n'kobadwa nako. Kobadwa nakoko ndiye kumene mumataya mukasankha kholo limodzi.

Ndinene mosabisa: bungwe limene limanyadira chiwerengero cha nthambi zobzalidwa, osanena kuti zachokera kwa makolo angati, likunamiza amene akulipatsa ndalama. Komanso majini si mankhwala a zonse. Mu Julaye 2023 madzi a ku Florida anatentha modabwitsa, makorali obzalidwa ambirimbiri anafa, ena anachita kuzulidwa n'kuthawitsidwira m'mathanki kumtunda. Nyanja ikapitiriza kutentha, ngakhale makolo atakhala ambiri sapulumuka.

Mmene amachitira

Potola, akatswiri obzala makorali satenga nthambi kwa makorali oyandikana, amasiya mpata wa mamita 5 kapena kuposa, chifukwa oyandikana nthawi zambiri ndi mmodzi. Kwa aliyense amadulako kachidutswa ka sentimita imodzi, kukaika mu ethanol wa 95 peresenti n'kukatumiza kulabotale. Kholo lililonse limapatsidwa nambala yomwe imayenda ndi nthambi zake zonse, ndipo chimene chimasokoneza kawirikawiri ndi chikhomo cha nambalayo chokutidwa ndi ndere kapena choduka, nthambi n'kusakanikirana ku nazale. Pobzala amasakaniza makolo anayi kapena kuposerapo, motalikirana mamita awiri kapena atatu okha, kuti usiku woswa uja mazira ndi umuna zikumane madzi asanazimwaze.