Kwa achemwali amene akufuna kugula mapiritsi onenepetsa

Achemwali ena a ku Luchenza andilembera pa imelo kuti apongozi ndi alamu awo sakuwapatsa mtendere chifukwa ndi ochepa thupi, ndipo akufunsa ngati kuli koyenera kugula mapiritsi onenepetsa amene amagulitsidwa mumsika. Funsoli landikhudza kwambiri, achemwali, chifukwa chitonzo chimenechi ndachilawa mbali zonse ziwiri.

Ndinakulira pafupi ndi minda ya tiyi kuno ku Thyolo ndili mtsikana wamtali ndi wowonda, ndipo utsikana wanga unakumana ndi nthawi imene Edzi inkatha anthu m'midzi. Masiku amenewo kuwonda unali mlandu. Munthu akangotsika thupi pang'ono, amayi pamjigo ankanong'onezana kuti ndi kaliwondewonde, ndipo ena ankafika posiya kudya naye mbale imodzi. Ine sindinkadwala, koma azakhali anga ankandigwira mkono pamaliro, anthu akuona, n'kufunsa kuti, "Kodi mwana iwe, nsima ukudya koma?" Iwo ankati ndi chikondi. Ine ndinkavala zitenje ziwiri kuti chiuno chioneke chodzaza, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndinkayembekezera kuti miseche itha, koma inangosintha nyimbo. Ena mwa ma ARV oyambirira, makamaka amene munali stavudine, ankaphwetsa masaya ndi kuwondetsa miyendo, motero anthu anayamba kuyeza magazi a anzawo ndi maso. Mankhwala amenewo anasiyidwa, koma lero mayi akanenepa mwadzidzidzi mumamva kuti wayamba kumwa. Wowonda akudwala, wonenepa akumwa mankhwala. Ndiuzeni thupi limene lingapulumuke pakamwa potere.

Nditabereka mwana wachiwiri ndinanenepa, ndipo kwa kanthawi ndinali munthu wolemekezeka. Kutchalitchi ankandiuza kuti banja landiyanja, ena n'kumayamikira amuna anga ngati kuti thupilo analiumba ndi iwo. Sipanatenge nthawi, kondakitala wa minibasi yopita ku Limbe anandiuza anthu onse akumva kuti ndilipire mipando iwiri, ndipo azakhali aja, amene ankadandaula ndi kuwonda kwanga, anayamba kundichenjeza kuti bambo akatenga kamtsikana kochepa thupi ndisadzalire. Pamenepo m'pamene ndinatsimikiza kuti vuto silinakhalepo m'thupi langa. Anthu amene amalankhula za matupi a anzawo sakhala ndi mulingo umene ungawakhutitse, ndipo ndikunena mosapsatira kuti chizolowezi chathu cholonjerana ndi mawu akuti "mwanenepatu" kapena "mwawonda bwanji" n'chamwano, ngakhale titachiveka ulemu wotani.

Abambo nawo sapulumuka. Wamimba yaikulu amatchedwa bwana pamaso, kumbali akumuseka, ndipo wamfupi amangotchedwa kafupi mpaka imvi. Za kufupikazi zimandiwawa mwapadera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumayamba ndi kuperewera kwa zakudya mwana ali m'mimba ndi m'zaka ziwiri zoyambirira. Ena ndi afupi mwachibadwa, koma ena timawaseka chifukwa cha njala imene inawapeza asanadziwe kulankhula. Onjezanipo atsikana akuda bii amene chitonzo chawakankhira ku mafuta oyeretsa khungu, ena mwa mafutawo okhala ndi mankhwala oopsa otchedwa mercury kapena hydroquinone, mpaka nkhope kupsa mawanga.

Kudzivomereza kwanga sikunabwere ndi mawu olimbikitsa a pa Facebook. Kunabwera ndi kutopa. Ndinasiya kuseka nawo anthu akamandiseka, ndinasiya kusoketsa zovala zobisa thupi, ndipo ndinayamba kufunsa thupi langa mafunso ena: kodi likukwera chitunda osapuma kawiri, likugona bwino, magazi akuthamanga bwanji? Amayi othyola tiyi amene amasenza dengu kumsana tsiku lonse alipo owonda, alipo ambina, ndipo sikelo ya kapitawo imayeza masamba okha.

Za mapiritsiwo

Musagule. Ambiri mwa iwo ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amapatsa njala ndi tulo, kapena dexamethasone, amene amatupitsa nkhope ndi mimba, kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, komanso kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Ngati munayamba kale kumwa dexamethasone kwa milungu ingapo, musasiye mwadzidzidzi, pitani kuchipatala akakuthandizeni kusiya pang'onopang'ono. Ngati thupi likutsika popanda chifukwa, makamaka pamodzi ndi chifuwa, thukuta la usiku kapena ludzu losatha, kayezetseni TB, shuga ndi HIV. Koma ngati munabadwa ochepa thupi ndipo mphamvu muli nazo, nkhaniyi ndi ya amuna anu. Akhale pansi ndi mayi awo ndi alongo awo, awauze kuti anakukwatirani akukuonani, ndipo zikapitirira mukaitule kwa ankhoswe.